Mmene a Ngolo anasandukira a Laiti

Pa sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, moyang'anizana ndi pokwerera mabasi, panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Ngolo. Dzinali analipeza ali mnyamata, tsiku limene wilibala ya pasitolopo inaguluka tayala, iwo n'kusenza matumba a simenti paphewa kuchokera pa lole kukatula mosungira katundu, osakhalako pansi mpaka lole inatsala yopanda kanthu. Mwini sitolo wa nthawi imeneyo anangoti, "Wilibala ndi yachiyani, ngolo tili nayo kale." Dzina linakakamira pomwepo.

Anakula nalo mpaka imvi zinayamba kutuluka. Malata, mapaipi, matailosi, zitini za penti, zonse zinadutsa pamsana pawo. Sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga Chichewa ndi kulemba dzina lawo. Chingerezi ankachimva ngati mvula yogwa padenga la mnzako, imene umaimva koma osakunyowetsa. Mawu amene anawagwira anali a pantchito okhaokha, simenti, waya, balubu, laiti. Kwa iwo laiti inali getsi basi, ndipo malaiti ankagulitsidwa kutsogolo kwa sitolo, kumene kunali magalasi ndi fani yozungulira kudenga. Munthu wa fumbi la simenti ankangodutsako mothamanga, kuopa kudetsa pansi.

Ankachita lendi zipinda ziwiri kumapeto kwa mdadada wa nyumba. Akazi awo anali telala, makina awo osokera ankalira pakhonde kuyambira m'mawa. Ana anali atakula kale n'kupita kwawo.

Tsiku lina m'mawa, akutsitsa mgolo wa penti pa lole, anamva kanthu kakuti thyo kumunsi kwa msana. Sanafuule. Anatula mgolowo bwinobwino kuti usatayike, kenako anafuna kuwongoka, msana n'kukana. A manijala, mayi wa magalasi amene ankayendetsa sitoloyo, anawatengera kuchipatala pa galimoto yawo.

Dokotala atawaunika anawauza m'Chichewa kuti, "Bambo, zonyamulanyamula zathera pano. Mukabwereza mudzayendera ndodo." Atatero anatembenukira kwa a manijala n'kuyamba Chingerezi. A Ngolo anatchera khutu ali chigonere. M'mawu onse amene anathamangawo anatolamo amodzi amene ankawadziwa, ndipo anamveka mobwerezabwereza: laiti dyute, laiti weki. A manijala ankangogwedeza mutu kuvomereza.

Anagona kunyumba milungu ingapo, pamphasa yoyalidwa pa simenti chifukwa matilesi ankawapweteka. Chimene chinkawadya mumtima sichinali ululu. Ankadzifunsa kuti munthu amene moyo wake wonse unali msana, msanawo ukatha amatsala ndani.

Lamlungu lina kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo, dalaivala wa kampani ina amene ankati Chingerezi anachimwa chonse chifukwa choyendetsa mabwana.

"Alamu," anatero a Ngolo, "inu mumayenda ndi anthu ophunzira. Laiti dyute n'chiyani?"

"Mwafunsa zophweka," anayankha alamuwo akukonza kolala. "Dyute ndi ntchito. Laiti ndi getsi. Akukuikani kogulitsa magetsi, alamu. Mwakwezedwa."

Akazi awo, amene ankapinda siketi pakhomo, anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu. Koma ataona kuti amuna awo amwetulira koyamba chivulalireni, anameza mawuwo. Usiku usanagwe anali atayamba kale kuwadulira shati yoyera ya manja aatali.

Tsiku lobwerera kuntchito a Ngolo anameta ndevu, anavala shati yatsopanoyo, n'kulowera khomo lakutsogolo. Anakaima njo kuseri kwa kauntala ya magetsi, manja kumbuyo. Amene ankagulitsa pamenepo anali bambo wina woonda, wa mawu ochepa, amene anthu ankamutcha a Tayi chifukwa sankavula tayi ngakhale dzuwa liwotche bwanji. A Tayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwasochera, a Ngolo?"

"Ayi, ndabwera kudzayamba. Adokotala anatero, a manijala anavomera ine ndikuona."

A manijala ataitanidwa anamvetsera nkhani yonse, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Bambo, mawu amenewo ali pawiri," anatero motsitsa mawu. "Laiti ya adokotala ndi kupepuka. Amati tikupatseni ntchito yopepuka. Takuikirani mpando kugeti lakuseri, muzitsegulira malole."

Anayesetsa kunena motsitsa, koma anyamata onyamula katundu anali atasuzumira kale pachitseko. Kuseka kunayambira pamenepo mpaka kukafika mosungira simenti. Pofika masana dzina linali litasintha. "A Laiti, tsegulani geti." "A Laiti, tiwalitsireni kuno, kwada."

Anakhala kugetiko ndi shati yawo yoyera, imene pofika madzulo inali itafiira ndi fumbi. Ntchito yake inali kudzuka, kukoka chitsulo, kukhalanso pansi. Ankaona anyamata akunyamula matumba mokhotetsa msana, manja awo n'kumayabwa. Akabwera kunyumba ankangodya n'kukagona. Alamu awo anayamba kudutsira njira ina.

Madzulo ena akazi awo anaimitsa makina.

"Bambo a kunyumba, ndikuuzeni zoona. Tsiku lija ndinakayika. Ifetu kogula nsalu timati laiti buluu, ndiye kuti buluu wosada, wotuwirako. Palibe getsi pamenepo."

A Ngolo anaika kapu pansi. "Ndiye kuti ali patatu?"

"Kaya ali pangati. Ine ndimadziwa anga a nsaluwo."

Kenako a Ngolo anati, "Anthu andiseka chifukwa ndinamva molakwa. Chabwino. Koma zimene ndinamva molakwazo ndi zimene ndikuzifuna. Ine pampando paja sindiferapo."

M'mawa mwake anagogoda pa ofesi. A manijala anawauza mosabisa kuti pakauntala pamafunika Chingerezi, chifukwa makatoni onse amalembedwa m'Chingerezi ndipo makasitomala ambiri akuluakulu salankhula china.

"Sindikupempha kauntala, mayi," anatero a Ngolo. "Ndikupempha nsanza yopukutira. Nthawi ya nkhomaliro malole sabwera. Mashelefu a magetsi ali fumbi lokhalokha. Balubu ndi getsi, komanso ndi yopepuka. Adokotala sangadandaule mbali zonse ziwiri."

A manijala anaseka mpaka kugwira tebulo, ndipo nsanza anawapatsa.

Kuyambira tsiku limenelo, anzawo akamapita kukadya, iwo ankasamba m'manja pampopi wakuseri n'kulowa kutsogolo. Ankatsitsa katoni iliyonse, kuipukuta, kuitembenuza, kuyang'anitsitsa zolembedwapo, n'kuibwezera. A Tayi poyamba ankachita ngati sakuwaona. Koma tsiku lina anamva munthu akung'ung'udza kuseri kwa shelefu.

"Mukuti chiyani kumeneko?"

"Pali mawu ena ali pa katoni iliyonse. Ligihiti. Kodi ndi dzina la kampani?"

A Tayi anabwera n'kuyang'ana pamene chala chinaloza. Panalembedwa kuti light. Anafuna kuseka, koma anadzigwira.

"Ameneyo ndiye laiti wanu uja."

"Uyu? Nanga zilembo zapakatizi zikudya za ndani?"

"Zimangokhalapo. Sizitchulidwa."

"Ngati ine kugeti," anatero a Ngolo.

Apa a Tayi analephera kudzigwira. Anakoka kampando n'kuwauza kuti akhale, ndipo sukulu inayambira pomwepo. Sanali mphunzitsi woleza mtima. Akafotokoza chinthu kamodzi ankafuna chilowe. Koma a Ngolo anali ndi khama la munthu wozolowera kutsitsa lole yodzaza, thumba limodzi kenako lina. Anaphunzira kuwerenga mphamvu ya balubu, kusiyanitsa kuwala koyera ndi kwachikasu, kudziwa nyali ya panja yosaopa mvula. Akamayenda kupita kunyumba ankawerenga zikwangwani mokweza, ana a sukulu n'kumawacheukira.

Mawu a Chingerezi ena ankati akawagwira amakhala phee. Laiti yekha ndiye ankaterereka. Mayi wina anawaimitsa pakati pa sitolo n'kutchula laiti gireyi, iwo anamutsogolera mwaulemu kumabalubu, pamene iye ankafuna penti. Dalaivala wina wachilendo anaima pageti ndudu ili kukamwa, n'kufunsa ngati ali ndi laiti. A Ngolo anathamangira m'kanyumba ka mlonda n'kubwera ndi tochi, dzuwa lili pamutu. Munthuyo ankafuna machesi. Ngakhale wailesi inawapereka: wolosera zanyengo anatchula laiti reni, iwo n'kuuza akazi awo kuti kubwera mvula ya mphezi, anule zovala. Kunangowaza pang'ono, fumbi osatha n'komwe.

"Anthu amenewa mawu anawathera?" anadandaula kwa a Tayi. "Getsi laiti, kupepuka laiti, mtundu laiti, kuyatsa moto laiti. Chilankhulo chaumphawi."

A Tayi anapitiriza kukulunga waya. "Pabwalo panu pali mtengo?"

"Ulipo wa mapeyala."

"Nanga waya uyu mtengo wake mumaudziwa? Umabala zipatso?"

A Ngolo anakanda kumutu.

"Mukamva njala mumamvera khutu liti?" anapitiriza a Tayi. "Nanga fungo? Ife sitisokonezeka chifukwa timamvera mawu oyandikana nawo. Inu vuto lanu mukangomva laiti mumanyamuka, osadikira anzake amene akubwera pambuyo."

Zimenezi zinawalowa. Anayamba kudikira chiganizo chithe. Patapita miyezi, a Tayi ankatha kuwasiyira kauntala akapita kukadya, ndipo a Ngolo ankagulitsa mabalubu ndi maswitchi popanda vuto. A manijala ankadutsa, kuona, n'kupitirira.

Kenako kunabwera kontilakitala wina wochokera kunja, wosadziwa Chichewa ngakhale moni, amene ankakonza nyumba yodyeramo anthu. Anali pa changu, foni ili kukhutu. Analoza nyali zolendewera kudenga, analoza m'mwamba, n'kunena kuti akufuna imodzi, vere laiti, aitumize pamodzi ndi katundu wina pa lole ya masana. A Tayi kunalibe. A Ngolo anaganiza mofulumira. Munthu ali pa malo a magetsi, akuloza nyali, akuti vere laiti. Ndithu akufuna yowala kwambiri. Anamusankhira nyali yaikulu ya mikono yachitsulo ndi magalasi olendewera, imene ikayaka sitolo yonse inkati ngwee. Anyamata anaiika m'katoni n'kuikweza pa lole. Iwo sanaikhudze n'komwe, potsatira lamulo la dokotala.

Siling'i ya nyumbayo inali ya timatabwa topyapyala. Amisiri anaipachika nyaliyo madzulo bwana wawo kulibe, ndipo m'mawa anaipeza pansi itaphwanyika, itatsika ndi chigamba cha siling'i. Mwayi wake munalibe munthu. Kontilakitala anabwera akutukutira, ndipo mawu ake anamveka mpaka kugeti. Iye ankafuna yopepuka kwambiri.

A manijala sanakalipe. Anangoti, "Bambo, mwayesetsa, tonse taona. Koma zikanagwera munthu bwenzi tikunena zina. Bwererani kugeti. Nsanza ija muisiye."

Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti pasitolo ponse panalibe wodziwa kulemera kwa zinthu kuposa iwo. Akanangoinyamula nyaliyo pang'ono, manja akanawauza kuti afunse kaye za denga. Anauza akazi awo kuti mwina anthu aja ankanena zoona, ngolo ndi ngolo.

"Ine ndikalakwitsa diresi ya munthu sinditaya makina," anatero akazi awo osasiya kupalasa makinawo. "Ndimasula ulusi, ndimapita kukamuyezanso. Mwapita kukaliona denga lakelo?"

Loweruka masana, sitolo ili pafupi kutsekedwa, a Ngolo anapita kwa a Tayi n'kupempha nyali yopepuka kuposa zonse. A Tayi anakafunsa ku ofesi, anabwerako ndi nyali ya pulasitiki yooneka ngati dengu lozondoka, n'kuwaphunzitsa mawu oti akanene. A Ngolo anainyamula ndi dzanja limodzi. Anali katundu woyamba kumunyamula kupita naye kwa kasitomala chivulalireni, ndipo anaseka okha poona kuti ngakhale mwana akanatha kuthamanga naye. Anakwera basi atayiika pamiyendo, akubwereza mawu aja chamumtima.

Anamupeza kontilakitala ali pa makwerero. Mawu onse amene anakonza anabalalika, kunangotsala ochepa.

"Sore, bwana. Mai misiteki." Anakweza nyaliyo ndi chala chimodzi. "Disi wani, laiti." Kenako analoza balubu ya mkati mwake, anatambasula zala ngati kuthwanima. "Oloso laiti."

Munthuyo anatsika, anailandira nyaliyo, anaiyeza m'dzanja. Nkhope yake inamasuka pang'ono. Anawakoka dzanja n'kuwaonetsa bowo la kudenga, anawapatsa chidutswa cha thabwa kuti achigwire. Chinali chopyapyala ngati chikuto cha buku. A Ngolo anachitembenuza nthawi yaitali, anagogoda siling'i yotsalayo ndi ndodo ya tsache kuti amve pamene padutsa mitanda, ndipo anakhala pomwepo mpaka amisiri anamaliza kupachika nyali yatsopanoyo n'kuiyatsa.

Lolemba anabwerera kugeti osadandaula. Koma nthawi ya nkhomaliro, poti nsanza anawalanda, ankakaima panja pa windo la kutsogolo n'kumamvetsera a Tayi akugulitsa. Anachita zimenezo mpaka nyengo ya mvula inayamba, ndipo ankaimabe atafunda pepala la pulasitiki. Tsiku lina a Tayi anamenya kauntala ndi chikhatho n'kulowa mu ofesi. Zimene anakambirana sizinamveke, koma potuluka a manijala anatsegula okha chitseko.

"Lowani, bambo, mungadwale. Koma kasitomala akanena chinthu chimene simunamvetse, muzifunsa. Kufunsa sikuthamangitsa kasitomala."

A Ngolo anatenga langizolo n'kulisandutsa chizolowezi chawo. Munthu akangotchula laiti, iwo ankaimika dzanja. Ankatambasula zala kufunsa ngati akunena kuwala, ankayeza m'manja ngati wonyamula kanthu kufunsa ngati akunena kulemera, ankagwira shati yawo kufunsa ngati akunena mtundu. Wogula nyali yolendewera sankachoka asanafotokoze za denga lake, kaya ndi la simenti, la matabwa kapena la malata okha. Ena ankatopa nawo mafunsowo. Ambiri ankabweranso, ndipo akafika pakhomo ankafunsa kuti, "Bambo ofunsafunsa aja alipo?"

Chingerezi chawo sichinafike pokoma. Mpaka lero amachilankhula ngati akuyenda pa miyala yoterera, phazi limodzi kenako linzake. Msana nawo sunabwerere. Kukazizira amayenda chopendekeka, ndipo mdzukulu akathamangira kuti amunyamule amayamba akhala pansi kaye. Koma a Tayi atachoka kukatsegula kasitolo kawo, a manijala sanaitane munthu wakunja. Kauntala anapatsa a Ngolo, n'kuwaikira mpando wautali wotsamira. Anyamata atsopano onyamula katundu sadziwa n'komwe kuti dzina loti a Laiti linayamba ngati chipongwe. Amaliitana ndi ulemu wonse. Alamu awo anayambiranso kubwera Lamlungu, ndipo amauza aliyense kuti ntchitoyo anailosera ndi iwo.

Chaposachedwapa kunabwera mayi wina wachitsikana, mwana wakhanda ali kumsana, maso ali ofiira ndi tulo. Ankasakaniza Chichewa ndi Chingerezi monga achitira achinyamata. Anati akufuna kanyali ka kuchipinda kuti aziona poyamwitsa, koma amuna ake ndi laiti silipa.

A Ngolo anaimika dzanja, koma zizindikiro zawo zonse zitatu sizinakwanepo.

"Pepani mayi, pamenepo mwandisiya. Amagona magetsi ali chiyakire, kapena ndi ochepa thupi?"

Mayiyo anaseka mpaka mwana anadzuka. "Ayi bambo. Sagona tulo tofa nato. Kakangoti khwasa, adzuka. Ndiye amalawirira kuntchito."

"Eya, tulo topepuka," anatero a Ngolo. Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono kuti akhazikike, kenako anatsika pampando mosamala n'kupita kushelefu yapansi. Anatenga kanyali kakang'ono kolowetsa pasoketi, ka kuwala kwachikasu kofatsa, kamene switchi yake silira poyatsa. Anakayatsa, n'kukaphimba ndi chipewa chawo kuti mayiyo aone mmene kamawalira mumdima.

"Soketi ili mbali ya ndani, yanu kapena ya bambo?" anafunsa.

"Ya ine."

"Ndiye katengeni aka. Mukaone mmene agonere bambowo, kakavuta mudzabwere tidzayese kena."

Mayiyo anakaika m'chikwama, anakonza nsalu ya mwana n'kutuluka. Kumbuyo kwake kunali kale bambo wina atanyamula balubu yakupsa m'thumba la pulasitiki, ndipo a Ngolo anatambasula dzanja kuti aione.